BUKU LA ZITSAMBA LIKHALE PA TEBULO LA DOTOLO

Ine sindine dotolo, sindinenso sing'anga. Ndine kalaliki wa Boma, ndipo nchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndiyo kulemba m'kaundula ndi kusunga makalata. Pa nchito imeneyi ndaphunzira cinthu cimodzi cimene ku sukulu ya misyoni sanandiphunzitse, ndico cakuti kanthu kosalembedwa Boma silikaona. Mlandu wosalembedwa suweruzidwa, munda wosalembedwa umalandidwa, ndipo ngongole yosalembedwa imasanduka mphatso. Tsono ndifuna kunena za cinthu cacikulu cosalembedwa m'zipatala zathu, ndico mankhwala a zitsamba amene anthu athu amamwa. Mau anga ndi awa: pa tebulo la dotolo ali yense, la namwino ndi la mzamba, payenera kukhala buku lofotokoza zitsamba za m'dziko muno, maina ace, mphamvu yace ndi kuopsa kwace. Ndidziwa kuti ena aseka pomva izi, ndipo ena akwiya. Onsewo ndiwayankha.

Poyamba ndikuuzeni cimene candicititsa kulemba. Azakhali anga, mlongo wao wa atate, anadwala nthenda yotupa miyendo ndi kupuma mobanika. Ku cipatala anawapatsa mapiritsi a mtima, ndipo anali kumwa mokhulupirika. Koma monga acitira anthu ambiri, analinso kumwa madzi a muzu wina umene anawapatsa mkulu wina wa kwathu, munthu wosafuna ndalama, amene anacita ici mwa cifundo cabe. Tsiku lina anayamba kusanza ndi kucita cizungulire, ndipo tinawanyamula kunka nao ku cipatala. Mnyamata amene anatilandira anawafunsa ndi mau okalipa, nati, "Amai, kodi mwamwa za kumudzi?" Azakhali anayang'ana pansi, nakana. Ine ndinali nao muzuwo m'thumba, wokulungidwa m'kansalu. Nditautulutsa, mnyamatayo anauyang'ana, naununkhiza, nandiuza kuti ndikautaye kunja. Atapita masiku atatu azakhali anatisiya.

Sindinena kuti muzuwo ndiwo unawapha, sindinenanso kuti mnyamatayo anali woipa mtima, pakuti anacezera usiku wonse kuwasamala. Dandaulo langa ndi ili: m'cipinda monse muja munalibe munthu kapena buku lakutha kuchula dzina la muzuwo, ndi kunena ngati umalimbana ndi mapiritsi a mtima. Pa cikalata ca imfa analembapo nthenda ya mtima. Za muzu sanalembepo kanthu. Cotero mkulu uja ali kupatsabe ena muzu womwewo. Ngati uli woopsa, palibe anamcenjeza. Ngati uli wosalakwa, palibe anaucotsera mlandu.

Tisanamizane, awerengi. Munthu wa kumudzi akadwala usiku, cipatala ciri kutali, koma mtengo uli kuseri kwa nyumba. Ndipo si a kumidzi okha ai. Pitani m'misika ya Lusaka kapena ya Chipata, mudzaona mizu, makungwa ndi mabotolo, ndipo pakati pa ogula mudzapeza aphunzitsi, akulu a mpingo ndi makalaliki anzanga obvala mataye. Dotolo angazikonde zitsamba kapena angazide, odwala ace amafika nazo m'mimba. Kukalipa sikucotsa muzu m'mimba, kumangotseka pakamwa pa wodwala. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma wofunsa mokalipa adzadyanso phula, cifukwa adzayankhidwa bodza. Ndipo ngakhale wodwala anene zoona, dotolo apindulanji pomva dzina la mtengo umene sadziwa nchito yace?

Tsono ndiyambe ndi oseka aja, ndiwo anzanga ophunzira amene ati zitsamba zonse ndi za umbuli, ndipo kuziika m'buku la cipatala ndiko kubwerera ku mdima. Anzanga inu, kodi munafunsapo kumene anacokera mankhwala amene mumawalemekeza? Kwinini amene anapulumutsa anthu osawerengeka ku malungo ndi khungwa la mtengo wa cinchona wa ku mapiri a South America, ndipo mphamvu yace anaipatula ndi akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, m'caka ca 1820. Mankhwala a mtima ochedwa digitalis anacokera kwa nkhalamba yacikazi ya ku Shropshire m'dziko la England, imene inali kuciritsa anthu otupa thupi ndi msanganizo wa zitsamba zoposa 20. Dotolo William Withering sanaiseke nkhalambayo. Anafufuza kufikira atapeza kuti citsamba cogwira nchito cinali cimodzi, duwa lochedwa foxglove. Nayesa muyeso wace zaka khumi, nalemba buku m'caka ca 1785, m'mene anafotokoza odwala oposa 150, ocira ndi osacira omwe.

Koma tisapite kutali. Pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi, wa zaka za 1858 mpaka 1864, panali dotolo John Kirk, amene anaona Amang'anja a m'cigwa ca Shire alikupaka mibvi yao ulembe wa mbeu za kombe. Kirk anasunga kombeyo m'thumba limodzi ndi mswaci wace, ndipo tsiku lina atatsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, naona kuti mtima wace wayamba kugunda pang'ono-pang'ono. Iye sanataye kombeyo kunja monga anacitira mnyamata uja ndi muzu wa azakhali. Analemba, natumiza mbeuzo ku Ulaya. Ku Edinburgh, Thomas Fraser anaziyesa zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1885 anaonetsa madotolo anzace mankhwala a mtima ochedwa strophanthin. Kufikira lero dzina la mtengowo m'mabuku a akatswiri ndi Strophanthus kombe, ndiye kuti liu la makolo athu linalowa m'Cilatini. Makolo ndiwo anadziwa mtengo, mlendo ndiye analemba, ndipo phindu linatsata wolembayo.

Citsanzo cina cikhudza nyumba iri yonse ya m'Zambia. Mankhwala a Coartem, amene Boma lathu linasankha m'caka ca 2002 kuti akhale oyamba polimbana ndi malungo, ali ndi mphamvu yocokera ku citsamba ca ku China cochedwa Artemisia annua. Mai wina wa kumeneko, Tu Youyou, pamodzi ndi anzace anasonkhanitsa njira zakale zociritsira zoposa 2,000. Poyamba citsambaci cinali kuwakanika, tsiku lina kugwira nchito, tsiku lina ai. Cimene cinawatsegula maso ndi buku la sing'anga wakale dzina lace Ge Hong, lolembedwa zaka zoposa 1,600 zapitazo, limene linalangiza kubviika masamba m'madzi ndi kuwafinya, osanena za kuphika. Apo maiyo anazindikira kuti moto ndiwo unali kupha mphamvu ya mankhwala. Anasintha kacitidwe, ndipo pofika 1972 anali atapatula artemisinin. M'caka ca 2015 analandira mphotho ya Nobel. Nanga Ge Hong akadasunga nzeru yace m'mutu mokha, ana athu angati akadakhala kumanda lero? Wophunzira amene aseka zitsamba aseka muzu wa mtengo umene wakhala pa mthunzi wace.

Tsopano nditembenukire kwa okwiya aja, amene ati mankhwala a makolo ndi acilengedwe, sangaphe munthu, ndipo safunika kuyesedwa ndi buku. Awa ndiwo andiopsa koposa oyamba. Kodi mwabvi si khungwa la mtengo? Unapha anthu angati pa bwalo la milandu? Nsatsi zimatipatsa mafuta odzola amene agogo athu anakula nao, koma mwana akatafuna mbeu zace zingamuphe, popeza muli ululu wochedwa ricin. Muzu wa bwazi uli ndi pfungo lamphamvu longa la mankhwala otikitira minofu a m'sitolo, ndipo ndi cifukwa cakuti muli mafuta a mtundu womwewo, abale ace a aspirin. Koma muzu womwewo ukalowa m'thupi mopitirira muyeso umapha, ndipo wapha ndithu. Kombe amene aciritsa mtima ndi yemwe aimitsa mtima wa njati. Kusiyana kwa mankhwala ndi ululu kuli pa muyeso, ndipo muyeso wa "kadzanja kamodzi" kapena "mpaka madzi afiire" si muyeso, cifukwa manja asiyana, ndipo muzu wokumbidwa m'cilimwe sulingana mphamvu ndi wokumbidwa m'dzinja.

Amai athu adziwa mankhwala ochedwa mwanamphepo, amene amapatsa mai wapakati kuti acire msanga. Ofufuza a ku Malawi anapeza kuti ena a mankhwala otere alidi ndi mphamvu yolimbitsa kukoka kwa ciberekero. Ndiye kuti si bodza, amagwiradi nchito, ndipo kuopsa kwace kuli pomwepo. Ngati mwana wagona mopingasa kapena njira iri yocepa, kukoka kwamphamvu kungang'ambe ciberekero. Ndipo ngati mzamba wa ku cipatala, posadziwa cimene maiyo wamwa, amlasanso jekeseni ya nchito yomweyo, waonjeza nkhuni pa moto woyaka kale. Kodi mzamba ameneyu si woyenera kukhala ndi tsamba lomuuza zizindikiro zace ndi cocita?

Palinso bvuto limene makolo athu sanakomane nalo, ndilo kumwa zitsamba pamodzi ndi mapiritsi. Ciwindi ca munthu ndico cimasungunula mankhwala ndi kuwacotsa m'mwazi, ndipo ziripo zitsamba zina zimene zimacifulumizitsa pa nchitoyi. Citsamba ca ku Ulaya cochedwa St John's wort, cimene anthu amagula kuti cicotse nkhawa, cinayesedwa ku America m'caka ca 2000, ndipo cinapezeka kuti cimacepetsa koposa theka mankhwala a indinavir m'mwazi, amene anali amodzi a ma ARV a masiku aja. Citsamba comweco cimafooketsa mapiritsi olera, ndipo omwa dolutegravir, amene ali m'mapiritsi a ambiri lero, amaletsedwa kucimwa. Ngakhale adyo, pamene wapangidwa mapiritsi amphamvu, anapezeka kuti amacepetsa ndi theka mankhwala ena a ARV ochedwa saquinavir. Wodwala amamwa mapiritsi ace osadumpha tsiku, koma kacirombo kalikukula, ndipo namwino amamnenera kuti ali kunama. Izi zinadziwika cifukwa anthu anaziyesa nazilemba. Dotolo wopanda buku sangazilote.

Cinthu cina cimene buku lokha lingakonze ndico cisokonezo ca maina. Mu mzinda wa Brussels, m'dziko la Belgium, kuyambira caka ca 1990, akazi ofuna kucepetsa thupi anapatsidwa mapiritsi okhala ndi citsamba ca ku China. Koma m'malo mwa citsamba cofunikaco munalowa cina cochedwa Aristolochia fangchi, popeza zonse ziwiri pa Cichaina ziri ndi liu lakuti fang ji m'dzina lao. Akazi oposa 100 anaonongeka impso, ndipo ena anadzadwala khansa pambuyo pace. Ngati cotere cinacitika m'dziko la madotolo ambiri, nanga kuno? Dzina lakuti mwanamphepo limachula zitsamba zingapo zosiyana, osati cimodzi. Ndiponso mtengo umodzi uli ndi dzina lina pa Cinyanja, lina pa Cibemba, lina pa Citonga, lina pa Cilozi. Namwino wobadwira ku Mongu amene atumizidwa kukagwira nchito ku Katete angamve dzina la mtengo umene uli pakhomo pa amai ace, osauzindikira konse. Buku lokhala ndi cithunzi, dzina la Cilatini ndi maina a zinenero zathu pambali pace lingathetse ici pa mphindi imodzi.

Wina adzati, "Mukalemba zitsamba m'buku la cipatala, anthu adzayesa kuti Boma lazibvomereza zonse, ndipo onyenga adzacuruka." Ine nditi onyenga amacuruka mumdima. Lero munthu angathire madzi a makungwa m'botolo, nalembapo kuti amaciritsa shuga, khansa ndi edzi pamodzi, ndipo namwino alibe pomuyankhira koma kungoti "musamwe," mau amene wodwala anatopa nao kale. Buku labwino silitama zitsamba, limaziweruza. Dziko la Germany linakhazikitsa m'caka ca 1978 bungwe la akatswiri lochedwa Commission E, limene linaweruza mankhwala a zitsamba oposa 300. Ena linawabvomereza ndi kunena muyeso wace, ena linawakana poyera. Ngakhale Artemisia yemwe ndamtama uja, bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, limaletsa kumwa masamba ace ngati tiyi pociza malungo, cifukwa mphamvu ya m'tiyiyo ndi yosadziwika muyeso, ndipo ikacepa siipha tizirombo tonse, koma imasiya tina timene tingazolowere mankhwala. Mau otere ndiwo ofunika m'buku: ici cinayesedwa ndipo cithandiza, ici cinayesedwa ndipo cipweteka, ici sicinayesedwe. Gulu lacitatuli lidzakhala lalikulu, ndipo tisacite nalo manyazi, pakuti lidzaonetsa ana athu ophunzira pamene pali nchito.

Wina adzatinso, "Mabuku otere alipo kale." Inde alipo, ndipo olemba ace ayenera ulemu. Watt ndi Breyer-Brandwijk analemba za zitsamba zociritsa ndi zaululu za kumwera kwa Afrika m'caka ca 1932, nalikuza bukulo m'caka ca 1962 kufikira masamba oposa 1,400. Jessie Williamson anatulutsa Useful Plants of Nyasaland m'caka ca 1955, ndi Brian Morris anatulutsa Chewa Medical Botany m'caka ca 1996. Dennis Fowler anasonkhanitsa maina ndi nchito za zomera za m'Zambia m'buku losindikizidwa ku Kew m'caka ca 2007. Nalo bungwe la WHO linayamba m'caka ca 1999 kutulutsa mabuku ofotokoza citsamba cimodzi-cimodzi. Koma ndifunse: namwino amene ali yekha usiku pa kacipatala ka kumudzi, mwana alikuphupha patsogolo pace, adzatsegula liti buku la masamba 1,400 limene liri m'nyumba ya mabuku ku Lusaka? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mabuku akuluwo ndi nkhokwe, ndipo munthu sadya nkhokwe. Afunika wina wotapa cimanga, nacisinja, nacipereka m'mbale.

Buku limene ndinena likhale lalifupi, lolowa m'thumba la malaya, ndiponso loikidwa m'foni. Liyambe ndi zitsamba zimene anthu amamwa kawiri-kawiri, monga nimu, cammwamba, muwawani, mbvunguti, gondolosi, bwazi ndi mwanamphepo. Pa ciri conse pakhale cithunzi ca tsamba, khungwa ndi muzu wouma, pakuti wodwala sabwera ndi mtengo wathunthu. Pakhale maina, nthenda zimene anthu amamwera, cimene akatswiri anapeza, zizindikiro za kupitirira muyeso, mapiritsi osayenera kuphatikiza naco, ndi cenjezo la amai apakati ndi makanda. Liphunzitsidwe m'masukulu a anamwino, ndipo likonzedwenso pakapita zaka zingapo. Ndipo monga kalaliki ndipempha kanthu kena kakang'ono kosadya ndalama: pa khadi la wodwala pakhale mzere wolembapo zitsamba zimene wamwa. Mizere yotere ikadzaza m'zipatala zonse, tidzadziwa zimene lero tingoganizira.

Buku ili silingalembedwe popanda asing'anga, ndipo apa pali cilonda cakale. Lamulo la ufiti la 1914 linaopsa anthu kotero kuti wodziwa mizu anayamba kubisala pamodzi ndi woombeza ula, ndipo ife a ku misyoni tinaphunzitsidwa kuwaika onse m'dengu limodzi. Kumeneko kunali kulakwa. Mai wodziwa tsamba loletsa kutsegula m'mimba sali mfiti, monganso wogulitsa aspirin sali mfiti. Komanso asing'anga ali ndi cifukwa coopera kuulula, pokumbuka za kombe. Cifukwa cace nzeru yao ilembedwe ndi cilolezo cao, ndi dzina la dera kumene yacokera, kuti phindu likadzaoneka eni ace asaiwalike. Pangano la maiko la ku Nagoya la 2010 linapangidwira zimenezi. Koma nao asing'anga abvomere kuti muzu umene wapezeka wopweteka impso ausiye, ungakhale unali wa agogo ao. Mutu umodzi susenza denga.

Potsiriza ndinena ndi inu anyamata ndi atsikana amene mwangotsiriza sukulu. Ena a inu mudzakhala anamwino ndi madotolo. Wodwala akadzakuonetsani muzu, musadzamuuze kuti akautaye kunja. Mufunseni mofatsa dzina lace, kumene unakumbidwa ndi muyeso umene anamwa, ndipo mulembe. Ena muli pamudzi kudikira nchito, ndipo muli ndi cimene akatswiri a ku Lusaka alibe, ndico agogo amoyo. Gulani kabuku, khalani nao pansi, lembani maina a mitengo ndi nchito zace, ndipo fanizirani tsamba pakati pa mapepala kuti wodziwa adzalizindikire. Musayese mankhwalawo pa thupi panu kapena pa mwana. Nchito yanu ndi kulemba. Ndipo mukaperekeza wodwala ku cipatala, nenani zoona za cimene wamwa, angakhale akukalipireni.

Kansalu kaja ka azakhali sindinakataye. Kali m'kabati ya ku nyumba kwanga, ndi muzu wace momwemo, ndipo ndidikira tsiku limene ndidzautengera ku cipatala, namwino natsegula buku, nandiuza dzina lace.